MSILIKARI AKABVULA ZOBVALA ZA BOMA

Mwezi uno tifuna kuceza nanu za munthu amene ambiri a inu mumdziwa, ngakhale sitimchula dzina, popeza ali m'midzi yambiri. M'mamawa, cisanu ca kuno ku Tsangano cisanasungunuke pa masamba a kacewere, pamene ife tonse tiri kuotha moto, iye ali kale pa mseu, alikuthamanga. Palibe cimene alikupitikitsa, palibenso cimene cimpitikitsa iye. Ana amseka, amai opita ku madzi aima, nafunsana kuti, Kodi bambowa ali bwino? Ali bwino ndithu. Ndiye msilikari amene anatsiriza zaka zace za nchito nabwera kwao, ndipo thupi lace likumbukirabe lipenga la mbandakuca, cinkana lipengalo lirira kutali, ku Zomba kapena ku Lilongwe.

M'nyumba ya munthu wotere muli funso limodzi, ndipo mkazi wace ndiye ayamba kulifunsa: Nanga tsopano mudzacita ciani? Asilikari ambiri apuma nchito asanakalambe. Mphamvu zikalipo, ana akali pa sukulu, ndipo ndarama zopumira, zimene zioneka zambiri tsiku loyamba, zisungunuka ngati mcere m'ndiwo. Ena agwira khasu, nacita bwino. Ena abwerera ku tauni kukalonda pa zipata za eni cuma, nchito yosacititsa manyazi koma ya malipiro ocepa ndi tulo tocepa. Ena, tinene zoona, akhala pansi pa mowa, nasimba za nkhondo kufikira ndarama zitatha ndi omvera atabalalika. Koma pali njira ina imene ife a kumudzi sitinaizolowere, ndiyo imene tifuna kuiyesa lero, ubwino wace ndi mabvuto ace omwe: msilikari kusanduka mphunzitsi ndi mtsogoleri wa masewero olimbitsa thupi.

Tidziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu ziriko nyumba zimene azicha jimu, momwe anthu alipira ndarama mwezi ndi mwezi kuti anyamule zitsulo ndi kupalasa njinga zosapita kuli konse. Aliponso ena amene asonkhana pa bwalo Loweruka m'mawa, nalumpha pamodzi motsata nyimbo ndi liu la mphunzitsi. Munthu amene akweza thumba la kacewere pa njinga kucokera ku munda kufikira ku msika akamva zimenezi ati, Andipatse ine ndaramazo, ndiwabwereke khasu! Sitimtsutsa. Komatu taganizani za moyo wa anthu aja. Acoka pa kama nakhala m'galimoto, acoka m'galimoto nakhala pa mpando, ndipo dzuwa lilowa thukuta lisanaturuke. Thupi limene silisenza kanthu lisenzetsa mwini wace matenda. M'caka ca 2009 a Unduna wa za Umoyo pamodzi ndi bungwe la WHO anayesa anthu akuru m'dziko lonse la Malawi, napeza kuti pa anthu atatu ali onse, mmodzi ali ndi nthenda yothamanga mwazi, imene ambiri aicha BP. Ndipo ocuruka a iwo sanali kudziwa. Nthendayi inapezeka ku midzi komwe, si ku tauni kokha ai. Cifukwa ca ici madotolo alangiza kuti munthu wamkuru aziyendetsa thupi lace kwa mphindi 150 kapena kupitirira pa sabata, ndi mwana ora limodzi tsiku ndi tsiku. Pamene pali anthu ofuna kuphunzitsidwa, pafunikanso wowaphunzitsa. Ndipo ndani m'dziko muno anaphunzira kulimbitsa thupi mwa dongosolo koposa msilikari?

Nkhani imeneyi si yacilendo monga ioneka. Makolo athu anaiyamba, ngakhale sanalandirepo kobiri. Gulu la King's African Rifles, limene anthu analicha Keyala, linakhazikitsidwa m'caka ca 1902. Pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918 amuna a dziko lino zikwi zambiri anagwira mfuti, ndipo pafupi 200,000 anasenza akatundu pa nchito ya tengatenga. Pa nkhondo yaciwiri asilikari athu anafika ku Ethiopia, ku Madagascar, ndipo m'caka ca 1944 anali m'nkhalango za Burma. Amene anabwera ndi moyo anabwera ndi ciani? Ndarama zocepa, mendulo, ndi perete. Pa zitatuzi cimene cinakhalitsa ndico perete. Gule wa beni, amene anayamba ku gombe la nyanja yamcere ku Lamu ndi ku Mombasa, anafika kuno ndi anthu obwera ku nkhondo, nakhazikika pakati pa Ayao. Ku Nkhata Bay ndi ku Karonga kunaphuka malipenga. Ku Dowa, ku Nchisi ndi ku Kasungu kunaphuka mganda. Onani m'mene magule amenewa akhalira: anyamata aima m'mizere, abvala zoyera zosita bwino, aponda phazi limodzi, aomba zipanda m'malo mwa malipenga a mkuwa. Gulu lao alicha boma, ndipo liri ndi kingi wace, kaputeni wace, sajeni wace, ngakhale dotolo wace. Iwo amene anaonako mganda wa mpikisano adziwa kuti munthu wa mpweya wocepa sakhalitsa m'mzere.

Tsono cinthu cimene tifuna muciike pa mtima ndi ici. Msilikari wa Keyala uja pobwera kumudzi analibenso mphamvu ya kulanga munthu. Mnyamata wokana kubwera sanali kutsekeredwa m'ndende ya kampu; anangopita kukawedza kapena kukaceza. Cikhalireco anyamata anabwera, naphunzira kuima cilili ndi kutembenuka pamodzi, cifukwa wowaphunzitsayo anasandutsa perete kukhala cinthu cokoma. Anasunga dongosolo, nataya mkwapulo. Ife a kuno kwa Gomani tiri ndi citsanzo cathu pa gule wa ngoma, amene anali wa ankhondo, wa cishango ndi cibonga, ndipo tsopano abvinidwa pa cisangalalo ndi pa maliro a akuru. Mwendo uponda pansi monga kale, koma palibe mudzi umene utenthedwa.

Ku maiko a kutali aliko amene anayenda njira yomweyi nafika patali. Tikonda kusimba za mmodzi, Georges Hébert wa ku France, amene anabadwa m'caka ca 1875, nakhala mkuru wa asilikari a pa nyanja. Pa 8 May 1902 phiri la moto lochedwa Pelée, pa cisumbu ca Martinique, linaphulika ndi kuononga mzinda wa Saint-Pierre. Anthu pafupi 30,000 anafa m'mawa umodzi. Hébert anali pa combo ca nkhondo pafupi pomwepo, ndipo anatsogolera nchito yopulumutsa anthu ngati 700. Zimene anaona tsiku lija zinamphunzitsa kuti pa tsoka apulumuka ndi kupulumutsa anzace ndiye wokhoza kuthamanga, kukwera, kusambira ndi kunyamula mnzace, ndi kuti mphamvu yosathandiza munthu wina iri cabe. Pa maulendo ace anafikanso ku Africa, nazizwa poona anthu a matupi olimba ndi opepuka amene sanaphunzirepo kwa mphunzitsi wa masewero, koma moyo wao wa tsiku ndi tsiku unawaumba. Pamenepa, awerengi, tisekeko pang'ono: mzungu uja anadzaphunzira kwa anthu onga ife, ndipo lero ana athu a ku tauni alipira ndarama kuti aphunzire zimene agogo ao anali nazo kwaulere.

Hébert anakonza maphunziro ace pa zinthu khumi zimene thupi licita mwa cibadwa: kuyenda, kuthamanga, kulumpha, kukwawa, kukwera, kuyenda pa mtengo wopingasa osagwa, kuponya, kunyamula, kudzichinjiriza ndi kusambira. Anayamba ndi asilikari ku Lorient. M'caka ca 1913 anakhala mkuru wa sukulu ya masewero ku Reims. Anabvulala pa nkhondo m'caka ca 1914. Ndipo nkhondo itatha anapereka zaka zace kuphunzitsa akazi ndi ana. Anamwalira m'caka ca 1957. Mwaona kuti pa zinthu khumi zija palibe cimene cifuna makina a magetsi? Bwalo, mtengo, mwala, mtsinje ndi phiri zikwana, ndipo ku Tsangano mapiri sitigula.

Awiri ena tingowachula mofulumira. Kenneth Cooper anali dotolo wa asilikari a ndege ku America. Anayesa asilikari ambirimbiri poona mtunda umene munthu athamanga pa mphindi 12, nalemba buku lochedwa Aerobics m'caka ca 1968. M'caka ca 1970 anaturuka usilikari natsegula malo ace ku Dallas. Dzina limene anthu a ku Lilongwe achulira kulumpha kwao kwa Loweruka licokera kwa iyeyu. Robin Cope, amene anali mejala m'gulu la nkhondo la Britain, anayamba m'caka ca 1999 kuphunzitsa anthu wamba pa udzu wa Hyde Park ku London, popanda denga ndi popanda makina, nalemba nchito anzace ocokera ku usilikari. Nzeru yace imodzi itikondweretsa: anagawa ophunzira m'magulu atatu monga mwa mphamvu zao, gulu liri lonse ndi mtundu wace wa malaya, kuti woyamba kumene asathamangitsidwe pamodzi ndi katswiri.

Kwathu kuno usilikari ndi masewero ziyenda pamodzi kuyambira kale. Matimu a mpira a Red Lions ku Zomba, Moyale ku Mzuzu, MAFCO ku Salima ndi Kamuzu Barracks ku Lilongwe onse ndi a asilikari, ndipo a Kamuzu Barracks anatenga ligi yaikuru ya dziko lino m'caka ca 2016. M'makampu muli aphunzitsi a masewero amene adziwa kutenga mnyamata wobwera kumene ndi kumlimbitsa pang'onopang'ono. Tinaonanso pa mseu wathu wopita ku Neno, pamene asilikari a zomangamanga anagwirapo nchito, kuti nzeru ya msilikari siithera pa mfuti. Cifukwa cace sitikayika kuti luso lilipo. Cimene tikayika ndico ngati mwini luso adzalola kusintha, pakuti apa ndipo pagona bvuto lonse.

Ku kampu munthu amvera cifukwa ayenera kumvera. Sajeni akapfuula, miyendo iyenda mutu usanaganize. Wocedwa alandira cilango, ndipo mawa abweranso, popeza alibe kothawira. Pa bwalo la anthu wamba zonsezi zitembenuka. Amai amene abwera kudzaphunzira asiya mphika pa moto ndi mwana kwa mlamu wao. Mukawapfuulira kamodzi pamaso pa anzao, sadzabweranso, ndipo adzauza mudzi wonse cifukwa cace. Amene alipira ndiye mwini, ndipo mphunzitsi ndiye wanchito, ngakhale anali ndi mizere itatu pa mkono. Ambiri alephera pomwepa, osati cifukwa ca ulesi, koma cifukwa liu limene linawatumikira zaka makumi awiri likana kutsika. Inu bambo amene mwabwera, tikupemphani ndi ulemu wonse: sungani kusunga nthawi, sungani ukhondo, sungani mwambo uja wakuti mtsogoleri ayamba iye kucita cimene alamula, ndi kuti palibe wosiyidwa m'mbuyo. Zimenezi anthu adzazikonda. Koma kutukwana, kucititsa manyazi, ndi kulanga munthu ndi masewero, muzisiye pamodzi ndi nsapato za Boma.

Palinso kusiyana kwa matupi. Asilikari asankhidwa, dotolo awayesa asanalowe, ndipo onse ndi anyamata ndi asungwana a msinkhu umodzi. Pa bwalo la mudzi padzafika mphunzitsi wa sukulu wa zaka 55 amene sanathamangepo kuyambira ukwati wace, mai amene anacira kumene, ndi mnyamata amene anagona ndi njala. Kuwapatsa onse muyeso wa kampu ndiko kuitana maliro. Munthu wa BP yokwera, wa nthenda ya shuga, kapena womva kupweteka pa cifuwa pokwera phiri ayambe waonana ndi a cipatala; mphunzitsi wanzeru afunsa zimenezi tsiku loyamba, ndipo sacita manyazi kunena kuti, Ici si canga, pitani kwa dotolo. Ndi bwino kuti amene afuna kudya nchito imeneyi akaphunzirenso, napate kalata ya uphunzitsi wa masewero ndi ya cithandizo coyamba ca obvulala. Bungwe la Malawi National Council of Sports ndi mabungwe a mpira acititsa maphunziro a aphunzitsi. Kukhala pa benchi ngati mwana wa sukulu utakhala kale sajeni kuwawa masiku owerengeka okha.

Tsopano za ndarama, pakuti mabanja ndipo apasukira. Tikuuzani poyera kuti sitiona nzeru m'kutenga ndarama zopumira ndi kugula zitsulo ndi makina kudzatsegula jimu pakati pa alimi. Mlimi wa kacewere ndi tirigu ali nayo kale jimu yace, ndipo imlipira iye. Amene afunitsitsa nchito ya nyumba yotere apite kumene kuli anthu a m'maofesi, ndipo ayambe walembedwa kwa wina caka cimodzi kapena ziwiri, kuti aphunzire zimene kampu siphunzitsa: kulemba ndarama zolowa ndi zoturuka, kulipira lendi mwezi umene ophunzira acepa, kupirira munthu wolonjeza kulipira mawa. Ku usilikari cakudya, nyumba ndi malipiro zifika pa nthawi yace popanda kuzifunafuna. Kunja kuno ziri zonse azifunafuna. Mkazi aone nao mabuku a ndarama. Ndiye amene adzaphika ngati zalephera.

Nanga wotsala kumudzi alibe gawo? Ali nalo, ngakhale silidzamlemeretsa, ndipo munda ukhalebe mai wace. Tayang'anani anyamata amene atsiriza sukulu nasowa cocita, amene madzulo aima pa msika kuyembekeza wowagulira kacasu. Timu ya mpira yokhala ndi mtsogoleri wosunga nthawi, amene salola woledzera kulowa m'bwalo, isunga anyamata makumi awiri koposa ulaliki wa mfumu ndi wa atate ao. Asungwana afuna wowaphunzitsa nchemberembaye, ndipo pa iwo mphunzitsi wamwamuna asakhale yekha. Pakhale amai amene makolo awakhulupirira. Alipo ogulitsa m'masitolo, aphunzitsi ndi anchito a cipatala amene akhala pansi tsiku lonse monga a ku tauni. Alipo agogo amene miyendo yayamba kunjenjemera. Kuimirira ndi kukhala pa mpando kakhumi, ndi kuima ndi mwendo umodzi atagwira khoma, kuwathandiza kuti asagwe ndi kuthyola nyonga, imene pa ukalamba sicira msanga. Ndipo aliponso alimi eni ace. Ndi angati pakati pathu a zaka 40 amene msana unatha kale cifukwa ca kunyamula matumba atawerama? Msilikari anaphunzira kunyamula katundu wolemera ndi mnzace wobvulala: kupinda maondo, kuongola msana, kuyandikiza katundu ku thupi. Akaphunzitsa ici cokha pa msika wa kacewere, wacita za dotolo.

Mau otsala ndi a inu abale ace. Kuyambira caka ca 2013 asilikari a Malawi anatumikira kum'mawa kwa Congo pamodzi ndi a Tanzania ndi a South Africa, ndipo m'mwezi wa November 2018 asanu ndi mmodzi a iwo anaphedwa pa nkhondo ya kumeneko. Amene anabwera anaona zinthu zimene sazisimba pa mphasa. Ena sagona bwino, ena akwiya pa kanthu kakang'ono, ena asowa anzao a m'gulu koposa m'mene asowera malipiro. Munthu wotere akadzuka mbandakuca kukathamanga, musamseke, ndipo musalole ana kumseka; mwina ndiyo mankhwala ace. Akayamba kusonkhanitsa ana pa bwalo, musati wasanduka mwana. Cimene anataya pobvula zobvala zija ndico anthu omyembekeza m'mawa, ndipo bwalo limbwezera amenewo. Koma ngati usiku upitirira kumbvuta, kapena dzanja lace liyamba kulemera pa mkazi ndi ana, kuthamanga kokha sikukwana. Mperekezeni ku cipatala, ndipo akuru a banja asabise.

Ngati m'mudzi mwanu muli bambo wotere, anyakwawa ndi a komiti ya sukulu angathe kumcezera ndi kumpempha bwalo la sukulu masiku awiri pa sabata, dzuwa litapendeka, anthu atacoka ku munda. Pakhale pangano lomveka kuyambira paciyambi: ngati pali kanthu komthokoza, kaya ndi ndarama pang'ono, kaya ndi tsiku limodzi la anyamata m'munda mwace pa nyengo yokumba, zinenedwe pamaso pa onse. Tsiku loyamba iye asabwere ndi wezulo yokha. Abwere ndi kope, alembe maina, afunse amene adwala ndi amene sanadye, ndipo onse ayambe ndi kuyenda kuzungulira bwalo, iye ali pambuyo pamodzi ndi wocedwa koposa onse.